Sikelo ya pa Lizulu

Lolemba mpaka Lachisanu ndimayeza kachewere pa Lizulu,
thumba pa mbedza, singano ikunjenjemera,
wogula maso ali pa mbatata zikuluzikulu zapamwamba,
ine ndikudziwa tinthu tomwe tabisala pansi.
Loweruka masana ndimayeza anthu.

Ndimakhala pa chulu kuseri kwa golo,
kope la masamu la mwana wanga pa bondo,
pensulo yosongoledwa ndi lezala,
mphepo ya ku Mozambiki itadumpha msewu popanda chiphaso
kudzandiluma zala.

Zigoli amawerenga aliyense.
Ngakhale kamnyamata kogulitsa nzimbe kakudziwa
kuti Bizaliele wamwetsa khumi ndi zinayi chaka chino,
amavina ngoma pa kona, fumbi kobo,
atsikana nkumamuponyera mipango.
Ine ndimalemba zina:
amawombera kasanu ndi kawiri kuti chimodzi chilowe,
kanayi konse mpira unakagwera m'kabichi wa a Nachisale,
ndipo zisanu ndi zinayi mwa zigoli zakezo
zinayambira pa phazi la munthu wina.

Phazi la Yotamu Sandalamu.
Nambala sikisi, jezi yotuwa, dzina losaimbidwa.
Chiyambire sanagoletsepo.
Koma taonani tsamba ili:
timizere makumi anayi, mipira imene anapatsira,
itatu yokha ndiyo inasochera.
Timitanda khumi ndi tiwiri, imene analanda
osagwetsa munthu.
Tsiku lija anapita kumaliro ku Biriwiri
tinamwa zinayi kwa duu,
anthu nkumati goloboyi walodzedwa.
Ndinapatula masewero onse amene iye kunalibe,
ndinaphatikiza, ndinagawa, ndinabwerezanso pa nyali:
timu yopanda Yotamu imaonda
ndi chigoli chimodzi ndi theka.
Theka la chigoli! anaseka kochi mpaka kutsokomola,
unaliona liti theka likugwedeza ukonde?

Anabwera a ku Lilongwe pa galimoto yoyera,
magalasi akuda, nsapato zosadziwa matope.
Ndinawatsegulira kope.
Analiyang'ana ngati ndawakumbutsa ngongole.
Madzulo omwewo anatenga Bizaliele,
chikwama chake pa mpando wakutsogolo.
Ndinawazindikira anthuwo,
ndimawaona tsiku lililonse la msika
akulipira thumba lonse chifukwa cha mbatata zisanu.

Lamulungu ndinamupeza Yotamu kudimba akuthirira tomato.
Ndinamuwerengera zonse, mzere ndi mzere,
kuti naye adziwe kulemera kwake.
Anamvetsera, ndowa ili m'manja, madzi akudontha pa chala,
kenako anati: Achimwene, nanga ija
ndinakuwira Filimoni kuti abwerere msanga,
mpira osafika nkomwe kwathu,
munailemba pati?

Ndinatembenuza masamba mpaka kuchikuto.
Mulibe kamzere ka mpira umene sunabwere.
Mulibe kamtanda ka pamene anangoima chilili
mpaka mdani anasintha maganizo.
Sikelo yanga imadziwa chokhacho chakwera pa mbedza.
Choletsedwa kuchitika
sindikudziwa kuti amachithira m'thumba lanji.

Tamva kuti ku Lilongwe Bizaliele wauma,
miyezi iwiri osavina.
Akuti mipira sikumufika.
Kochi akandiona amayang'ana kumbali,
ine sindinena kanthu, munthu wamkulu sasekedwa pagulu.

Lero ndakweranso pa chulu.
Chifunga chatsika kuphiri, golo linalo silikuoneka.
Ndalemba mzere watsopano m'mphepete mwa tsamba,
danga lopanda mutu.
Yotamu wasuntha mapazi atatu kumanzere,
wakweza dzanja,
mnyamata wa ku Tsangano wabwezera mpira kumbuyo,
ndipo palibe chachitika.
Palibe wawomba m'manja.
Pensulo ili m'mwamba,
ndikufunafuna polemba.